Amene Anavundukula Kapeti ku Tottenham

Tinaika maliro a bambo Lameki Mbewe Lachisanu lapitali, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi. Si imfa yawo imene ikundisowetsa mtendere. Anali atakalamba, anali atatopa, ndipo anapita mwakachetechete mwana wawo Esinati atawagwira dzanja. Chimene chikundiwawa ndi zimene zinalankhulidwa pa mwambo wa maliro, pamaso pa ife tonse amene tikudziwa zimene zinachitika.

Abusa athu anaimirira pafupi ndi bokosi. Pamwamba pake panali sakisofoni ya a Mbewe, yopukutidwa bwino, itagonekedwa pa nsalu yoyera. Abusa anaisisita ndi dzanja, nati mpingo wathu umanyadira utumiki wa okalamba umene malemuwo anauyambitsa mothandizidwa ndi komiti. Anati Mulungu anawapatsa a Mbewe luso, mpingo n'kuwapatsa malo. Anthu anayankha kuti ameni. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anandigunda ndi chigongono, ndipo nditatembenuka ndinaona kuti nayenso sanatsegule pakamwa.

Mpingo sunawapatse malo a Mbewe. Unawalanda makiyi anthu akuona. Anamwalira akadali oimitsidwa pa mgonero, ndipo pa maliro palibe amene anatchula zimenezo. Tsiku limene ankawalanda makiyiwo ndinalipo, ndipo ndinakhala chete. N'chifukwa chake ndikulemba.

Esinati ndi namwino. Anaitanitsa bambo ake kuchokera ku Harare mayi ake atamwalira, poganiza kuti adzapuma kuno ku London. Kupuma a Mbewe sankakudziwa. Sabata yachiwiri anapempha tsache kutchalitchi, ndipo posakhalitsa makiyi a holo imene tinkapempheramo ku Tottenham anali m'thumba mwawo. Ankasesa atavala tayi. Anali aatali, owonda, ndipo sankakoka mapazi poyenda ngakhale mawondo atayamba kuwavuta. Nsapato zawo zinali zakuda, zachikopa mpaka kunsi, ndipo ankanyoza poyera nsapato zamphira zimene tonsefe timavala pothamangira basi. Ankati wovala mphira samva chimene akuponda. Anzathu obadwira ku Zimbabwe ankawatcha sekuru, kutanthauza agogo m'chinenero chawo, ine ndinkangoti bambo, ndipo iwo ankandiitana ndi dzina la mfunda wanga, Nabanda, limene kuno palibenso wina amalitchula.

Sindiwasandutsa mngelo pano, abusa achita kale zimenezo. A Mbewe anali munthu wovuta. Oimba a m'tchalitchi mwathu ankawaopa kuposa mmene ankaopera abusa. Kiyibodi yathu ili ndi batani limene ukalidina ng'oma zimalira zokha, ndipo batani limenelo ankadana nalo ngati linawaphera m'bale. Ankati ng'oma imene simva woimba akamakoka mpweya si ng'oma, ndi wotchi. Tsiku lina oimba akukonzekera nyimbo za Pasaka, iwo anasiya tsache, napita kukhoma, nazula waya wa zokuzira mawu. M'holo munangoti zii. Anawauza kuti ayambirenso, aliyense amve mnzake, chifukwa m'bandi yeniyeni munthu wosadziwa kutsitsa mawu amabwezedwa kunyumba. Mayi wotsogolera nyimbo analira, ndipo iwo sanapepese. Munthu akatcha sakisofoni yawo kuti lipenga, sankamuyankha moni sabata yathunthu.

Kunyumba nakonso sikunali kophweka. Pobwera kuno anadzaza sutikesi ndi mbale za galamafoni zokulungidwa m'matawulo, zovala n'kuzisiya ku Harare. Esinati ankafuna kuzikweza kudenga chifukwa fulati yake ndi yaing'ono, ndipo anakangana mpaka aneba kugogoda khoma. Esinati yemweyo anandiuza kuti ali mwana bambo ake ankawaona kawirikawiri ali m'tulo masana, ndipo ana onse anawalera mayi awo okha. A Mbewe sankakana. Ankati anali woimba wabwino koma mwamuna wosakwanira, ndipo mwayi wokonza chachiwiricho unapita ndi maliro a mkazi wawo.

Lolemba lililonse ankatenga khadi lawo la okalamba lokwerera basi n'kusowa tsiku lonse. Esinati ankaganiza kuti akukacheza kwa anzawo ku Peckham. Zoona zake n'zakuti ankasaka maholo a dansi akale, amene anamangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe. Anali ndi kabuku kamene ankalembamo mayina a misewu, ena atawamva kwa madalaivala, ena kwa nkhalamba zokhala pa mabenchi m'mapaki. Tsiku lina ndinakumana nawo pa siteshoni ya Seven Sisters atakwiya ngati munthu amene waberedwa.

"Zatani, bambo?" ndinafunsa.

"Ndakwera mabasi atatu, Nabanda. Ndafika. Akugulitsamo matiresi."

"Mwina munasokera."

"Sindinasokere. Denga ndi lomwelo, khonde la m'mwamba ndi lomwelo. Pamene pankakhala bandi aikapo mtsikana wolandira makasitomala, akutafuna chingamu."

Ena anawapeza atasanduka malo otchovera njuga ya bingo, ena moimika magalimoto, ambiri atagumulidwa. Ankati anthu a kuno ndi odabwitsa. Nyimbo ya swing inayamba ndi anthu akuda a ku America, inawoloka nyanja, azungu a ku Europe n'kuimangira nyumba zokongola. Anaibweretsa kwa ife pa mbale za galamafoni ngati yawo, natiletsa kulowa m'malo amene ankaivinira, kenako eni akewo n'kutaya nyumbazo ngati zitini.

Maholowo anawadziwa asanaponde n'komwe ku Europe. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi kukagwira ntchito pa famu ya fodya ku Rhodesia, ndipo iwo anabadwira komweko, m'komboni. Atakula anathawira m'tauni ya Salisbury, imene lero ndi Harare, napeza ntchito yoperekera zakudya pa hotela ya azungu. Pa hotelapo panali bandi ya dansi. Woimba piyano anali mzungu wachikulire amene anathawa kwawo ku Europe nkhondo ili pafupi kuyamba, ndipo poti dzina lake linali lovuta, antchito ankangomutcha Kamagalasi. Ameneyu anaona kuti woperekera zakudya wina, Lameki Mbewe, amaima ndi thireyi m'manja nyimbo ikafika penapake, supu n'kumazizira. M'malo mokamunenera kwa bwana, anayamba kumuitanira kuseri kwa khitchini masana n'kumamuphunzitsa kuwerenga nyimbo pa pepala. Sakisofoni yoyamba inali ya woimba wina amene anabwerera kwawo n'kuisiya m'kabati.

Kamagalasi ankakonda kukamba za maholo a kwawo. Ankati kunali ina imene siteji yake inkazungulira, bandi ina ikulowa kuseri ina ikutuluka, nyimbo osaduka. Kunali ina yokhala ndi telefoni pa tebulo lililonse, kuti mwamuna wamanyazi aimbire mkazi wa tebulo lina kumupempha dansi. Koma chimene ankachitama kwambiri chinali pansi pake: matabwa osalala, oyalidwa mwanjira yoti azinepa pang'ono munthu akaponda, kuti avine maola ambiri mawondo osawawa. Kamagalasi sanabwererenso kwawo, ndipo ankati maholowo mabomba anawamaliza. A Mbewe anasunga maholo a munthu wina m'mutu mwawo moyo wawo wonse.

Pambuyo pake analowa m'bandi ya pa hotelapo. Ankalowera khomo la kukhitchini, atavala jekete loyera, ndipo nthawi yopuma ankadyera panja chiimirire. Hotelayo inali ndi kabwalo kake ka matabwa. Ankati pamene anali woperekera zakudya ankaloledwa kudutsapo atanyamula thireyi, koma kuponda pomwepo atagwira dzanja la mkazi ukanakhala mlandu wa apolisi. Anaimbira mapazi a anthu ena zaka zambiri, bwalolo lili kutsogolo kwa nsapato zawo. Iwo ndi anzawo ankavina ku Mbare, dera la anthu akuda, m'holo ya simenti imene inkadya nsapato mwezi umodzi.

Holo yathu ya ku Tottenham tinaipeza ili ya bingo. Palibe mwa ife anafunsapo kuti inali chiyani bingo isanabwere, ngakhale inali ndi khonde la m'mwamba la tizipinda ting'onoting'ono, ndiponso zithunzi zoumba kukhoma za akazi onyamula azeze, zimene tinaziphimba ndi nsalu zolembedwa mavesi. Pansi panali kapeti yabuluu, mphatso yochokera ku banja la a Tembo, wapampando wa komiti. A Mbewe anazindikira akusesa kuti pansipo pamanepa. Anavundukula ngodya ya kapeti pafupi ndi siteji, ndipo nditafika madzulo a tsikulo kudzakonzekera msonkhano wa amayi anandikokera komweko.

"Vulani nsapatozo, Nabanda. Pondani apa. Dumphani pang'ono."

"Ndine mayi wa ana, bambo."

"Dumphani, palibe akukuonani."

Ndinadumpha, ndipo matabwawo anandilandira n'kundibweza mofewa, ngati ali ndi moyo. A Mbewe maso anali atadzaza misozi, koma ankaseka. Anati ayenda London yense pa basi kufuna chinthu chimene akhala akuchisesa pamwamba Lachiwiri lililonse. Anapita kukomiti kukapempha kuti kapetiyo ichotsedwe, iwo adzapala ndi kupukuta matabwawo okha. Komiti inakana. A Tembo anati tchalitchi chopanda kapeti chimaoneka ngati cha amphawi.

Lachinayi lina masana ndinapita kuholoko kukatenga nsalu za pa tebulo kuti ndikachape. Pakhomo ndinapeza mayi wachizungu wokalamba, woyenda ndi ndodo, akulankhula ndi a Mbewe. Dzina lawo anali a Maureen. Anati anabadwira msewu wachiwiri kuchokera pamenepo, mayi awo ankavina m'holomo nkhondo isanayambe, ndipo iwonso anakumana ndi amuna awo momwemo. Amuna awowo anali atamwalira mwezi wathawo. Ankangopempha kuti asuzumire. Atalowa anayang'ana mipando yathu yapulasitiki ndi kapeti ija, nkhope n'kugwa.

"Pansi paja anachotsapo," anatero m'Chingerezi.

A Mbewe anatembenukira kwa ine. "Nabanda, tagwirani uko."

Tinasuntha mipando, n'kupinda kapeti mpaka pakati pa holo. Matabwawo anali ofiirira, aang'onoang'ono, oyalidwa mozungulira kutsata njira imene ovina amayenda. A Maureen anayang'ana nthawi yaitali, kenako anatsamiritsa ndodo yawo pa mpando.

"Mumavina, bambo?"

"Ndimaimbira ovina, mayi."

"Sindinafunse zimenezo."

Ndinaona a Mbewe, munthu amene sankasowa choyankha, akukonza tayi imene inali kale pabwino. Anayang'ana kukhomo ngati kubwera wina kudzawaletsa. Kenako anatambasula dzanja. Nyimbo panalibe, iwo ankangoing'ung'udza chapakhosi, ndipo nkhalamba ziwirizo zinazungulira holo kawiri, pang'onopang'ono, misana itawongoka. Atamaliza, a Mbewe anakakhala m'mphepete mwa siteji. A Maureen atapita ndi pamene anandiuza kuti kanali koyamba m'moyo wawo kuvina pa matabwa otere.

A Maureen anauza anzawo, anzawowo n'kuuza ena. Ine ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba kufupi ndi komweko, ndipo ndine ndinapempha kuti ndizibwera ndi ena mwa anthu anga. Ndikunena izi momveka chifukwa cha zimene zikubwera. Lachinayi lililonse, nkhomaliro itatha, ine ndi a Mbewe tinkapinda kapeti. Iwo ankaika mbale pa galamafoni n'kumaimba sakisofoni pamwamba pake. Mpweya unali utachepa, choncho ankaimba nyimbo imodzi n'kupuma ziwiri, koma akaiuzira mawu ake ankatuluka onenepa, ofunda, osathamanga. Kunkabwera azungu a m'dera lomwelo, anthu a ku Jamaica, mayi wina wa ku Cyprus amene ankabweretsa makeke. Bambo wina mwa okalamba a kuntchito kwanga, amene anali ataiwala ngakhale dzina la mwana wake, atamva nyimbo anaimirira, nagwira mnzanga wa ntchito monga mmene mwamuna amagwirira mkazi pa dansi, ndipo sanalakwitse phazi. Dzuwa lisanalowe kapeti inkakhala itabwerera, mipando ili m'mizere. Zinayenda choncho kuyambira nthawi yozizira mpaka masamba ataphukira.

Zinaululika chifukwa cha kanema. Mwana wamkazi wa nkhalamba ina anajambula pa foni, natumizira abale ake, ndipo kanemayo anayenda mpaka kufika pa gulu la pa foni la amayi a mpingo wathu. Ine sindinaonekemo, ndinali kuseri ndikuthira tiyi.

Lamlungu mapemphero atatha, abusa anati anthu asatuluke. Anaitana a Mbewe kutsogolo. Munthu wa imvi mutu wonse, wamkulu kuposa bambo awo a abusa, anaimikidwa pakati ngati mwana wasukulu, osapatsidwa n'komwe mpando.

"Bambo Mbewe," anatero abusa, "nyumba ya Mulungu mwaisandutsa bala. Amuna ndi akazi osakwatirana akukumbatirana pamalo pamene ife timagwada. Mpingo ukudikira kuti mulape."

"Mowa munalibe, abusa. Munali tiyi ndi makeke."

"Sitikukamba za tiyi."

"Chabwino. Ndinagwiritsa ntchito makiyi osapempha. Pamenepo ndinalakwa, ndipo ndikupepesa kwa mpingo wonse."

"Nanga nyimbo za dziko zija?"

"Nyimbo zija sindipepesa. Ndaziimba moyo wanga wonse, zinaphunzitsa ana anga sukulu, ndipo mmodzi wakhala apoyo. Anthu amene munawaona pa foni aja, ena alibe wowagwira dzanja sabata yonse kupatula wowasambitsa. Ngati kuwagwira dzanja ndi tchimo, mundiwerengere ndime yake ndimve."

Abusa sanawerenge ndime. A Tembo anaimirira, nati sitinabwere kudzachita mtsutso. "Kapeti ija munthu mmodzi sangainyamule. Tiuzeni amene ankakuthandizani."

Ndinali pa mzere wachitatu nditavala yunifolomu ya amayi. Ndinaganiza za udindo wanga m'gulu la amayi, za amuna anga amene anakhala kumbali ya abambo, za anthu amenewa amene ndi okhawo ndimalankhula nawo chinenero changa mumzinda uno. A Mbewe sanayang'ane kumene ndinali.

"Ndinali ndekha," anatero.

"Pa msinkhu wanuwo?"

"Ndimadya bwino, a Tembo."

Ena anaseka, ndipo kusekako kunawapsetsa mtima a komiti. Abusa analengeza kuti a Mbewe aimitsidwa pa mgonero mpaka atalapa, ndipo abweze makiyi. A Tembo anali atatambasula kale dzanja, koma a Mbewe analilambalala, nakaika makiyiwo pa tebulo la kutsogolo. Anatenga chipewa, nayenda pakati pa mipando mpaka pakhomo. Esinati anawatsatira. Ena tonse, anthu odzaza holo, tinakhala. Abusa atayambitsa nyimbo yotsekera tinaimba. Inenso ndinaimba.

Lachinayi lotsatira nkhalamba zija zinabwera monga mwa masiku onse, zitatchena, n'kupeza chitseko chokhoma. Palibe wa komiti amene anaganiza zoika ngakhale kapepala. Ndinawapeza ataima mumvula, a Maureen ali patsogolo, ndipo ndinawauza kuti a Mbewe sakupeza bwino. Linali bodza langa lachiwiri sabata imeneyo, ngati kukhala chete kuja tingakuwerengere.

Komiti sinalekere pomwepo. Inaitana amisiri, napaka guluu pansi ponse, kapeti n'kuimata kuti wina asadzaivundukulenso. Esinati atawauza bambo ake, anangofunsa kuti guluu wake ndi wamtundu wanji. Atamva, anati matabwawo afa, nalowa kuchipinda. Kutchalitchi sanapondekonso.

Patapita zaka ziwiri eni nyumbayo anaigulitsa kwa kampani yomanga mafulati, ndipo mpingo unauzidwa kuti usamuke. Apa ndi pamene mutu wanga umaima. Abusa anatenga kanema yemwe uja, amene anamuonetsa kukomiti ngati umboni wa tchimo, n'kukamuonetsa pa msonkhano ndi eni ake a kampaniyo ngati umboni woti holoyo imathandiza okalamba a m'deralo. Anafika mpaka kunyumba kwa Esinati kukapempha a Mbewe kuti akaimbe pa msonkhano wotsatira. A Mbewe anawalandira, nawapatsa tiyi, namvetsera mpaka kumapeto.

"Mukamatule kaye kapeti, abusa," anatero. "Mukatha mudzandiitane."

Ena anati anaumitsa mtima, akanapita mwina holo ikanapulumuka. Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti palibe amene anawapepesa, ngakhale tsiku limenelo. Mpingo unasamukira ku Edmonton, m'chinyumba chimene kale ankasungiramo katundu, ndipo maliro tachitira kumeneko chifukwa Esinati analibe kwina kokwana anthu a kwathu.

Akampani nawonso anapeza ntchito ya kanema uja. Pa mpanda wa matabwa umene anazunguliza holoyo anamatapo chithunzi chachikulu cha a Mbewe akuimba sakisofoni, pansi pake mawu a Chingerezi onena kuti akusunga mbiri ya dera lino. Dzina lawo panalibe. Palibe anabwera kudzawapempha. Esinati analemba kalata, ndipo anamuyankha mwaulemu kwambiri, kumuthokoza chifukwa cha maganizo ake. Chithunzicho sichinachoke. A Mbewe anapempha kuti awatengere kumeneko pa galimoto, nachiyang'ana pawindo osatsika. Anati zala zili pabwino, koma akanawauza akanakonza tayi.

Ine ndinatenga nthawi yaitali ndisanalimbe mtima. Ndinkawayendera, kuwatengera nyemba ndi mfutso wochokera kumudzi, koma nkhani ija tinkailambalala. Miyezi ingapo asanamwalire ndinawapeza atakhala pa mpando pafupi ndi windo, bulangeti lili m'miyendo, sakisofoni ili m'bokosi lake chifukwa mpweya wouzira unali utatha. Ndinagwada, ndipo ndinanena zonse. Ndinkayembekezera kuti andiuza kuti palibe kanthu.

"Ndinkadziwa kuti simuimirira, Nabanda," anatero. "N'chifukwa chake ndinati ndinali ndekha."

Sananene mokalipa. Anangonena ngati akundiuza nthawi. Kenako anandituma kuti ndiike mbale pa galamafoni, nandiuza kuti ndigwire m'mphepete, ndisapake zala pakati. Tinamvera mbali zonse ziwiri, ndipo nkhaniyo sitinaibwerezenso.

Dzulo nditaweruka ndinatsika basi pa holo ija. Ntchito yomanga inachedwa, ndipo ayamba kumene kuphwasula m'kati. Mlonda, bambo wa ku Ghana, anandimvera chisoni nditamuuza kuti kale ndinkapemphera mmenemo, nandibwereka chipewa cholimba, nati ndisapitirire pakhomo.

Denga aliboola mbali imodzi, ndipo kuwala kumagwa pakati ngati m'khola. Nkhunda zamanga zisa m'khonde la m'mwamba, ndowe zake zikutsika kukhoma. Siteji anaigwetsa, pangotsala mzere wakuda wosonyeza pamene inkalekezera. Pansi anazula ponse, kapeti ndi matabwa pamodzi chifukwa sizikanalekanitsika, n'kuziunjika pakona ngati zikopa zouma. Kwatsala mitanda yokhayokha, ndipo pakati pa mitandayo, m'fumbi, muli zinthu zimene zinkagwera m'ming'alu anthu akuvina kalekale: mapini a tsitsi ochuluka kwambiri, mabatani, timatikiti tofiira, chipeso chothyoka, ndolo imodzi, chidendene cha nsapato ya mkazi. Palibe wazitola. Madzi amvula akudontha kuchokera kudenga n'kudikha pakati pa zinthuzo. Kuchokera pakhomo pamene ndinaima mpaka kukhoma la kutsogolo, m'holo monsemo mulibe poponda.